Chiwongolero Chikamagwedera pa 4x4 Yakale: Pezani Pomwe Pavuta Musanagule Sipeya

Galimoto ya 4x4 ikamakalamba imayamba kudzandira pang'onopang'ono, moti mwiniwake sazindikira msanga. Manja amangozolowera. Msewu uli wowongoka bwinobwino koma inu muli kalikiliki ndi chiwongolero, kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, ngati mukupeta. Amene amakutsegulani maso ndi mnzanu yemwe mwamubwereka makiyi, potsika ali thukuta kamukamu: "Achimwene, galimoto iyi mumafika nayo bwanji?"

Zikatere ambiri timathamangira zinthu ziwiri, kugula steering damper yatsopano (shoko yopingasa yomwe imafewetsa kumenya kwa chiwongolero) kapena kumanga kabawuti ka pamwamba pa bokosi la chiwongolero. Ine ndinachita zonse ziwiri pa galimoto yanga yoyamba, ndalama n'kupita, kugwedera kuli pomwepo. Chonsecho vuto linali bawuti imodzi ya Panhard rod (chitsulo choletsa ekiselo kupita m'mbali), yomwe inakhwefuka n'kudya bowo lake mpaka kufanana ndi dzira. Ndikanangogona pansi ndi tochi wina akugwedeza chiwongolero, ndikanaiona nthawi yomweyo.

Kuchokera m'manja mwanu kukafika pa tayala pali mfundo zoposa khumi. Iliyonse ikadyeka pang'ono, timipata tonseto timasonkhana n'kudzamveka pa chiwongolero ngati vuto limodzi lalikulu. Choncho muziyendere zonse imodziimodzi, ndipo bokosi libwere kumapeto.

Konzani izi: mnzanu wodekha, tochi yowala, choko, tepi yoyezera, geji ya mpweya, jeki, ma stand awiri olimba, chitsulo chachitali chotsekulira matayala, ndi burashi ya waya. Tsukani kaye kunsi kwa galimoto. Matope ouma amabisa ming'alu komanso amagwira mfundo zomwe zatha kale.

Dziwani kaye mmene kutsogolo kwanu kunapangidwira

Suzumirani pansi. Mukaona chitsulo chimodzi chachikulu chochokera pa tayala lina kukafika pa linzake, muli ndi ekiselo yathunthu. Ndi mmene zilili Land Cruiser 60, 70 ndi 80, Nissan Patrol Y60 ndi Y61, Land Rover Defender yakale, Suzuki SJ413 ndi Jimny, Jeep Cherokee XJ, ndi Hilux zakale monga LN106. Apa mphamvu ya manja anu imatsika ndi shafuti kulowa m'bokosi, bokosi limapotoza kamkono kotchedwa pitman arm, kamkonoko kamakankha drag link, drag link imakhotetsa tayala limodzi, ndipo tie rod imakoka linzakelo. Ngati masipuling'i ali amasamba, iwo omwewo ndiwo amagwira ekiselo kuti isasunthe. Ngati ali okoloweka, monga pa Land Cruiser 80 yomwe inatuluka mu 1990 kapena Patrol Y60 ya kuyambira 1987, sangathe ntchito imeneyo. Mikono yaitali ndiyo imaletsa ekiselo kupita kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo Panhard rod, chitsulo chopingasa, imailetsa kupita m'mbali.

Mukaona kuti tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, pamwamba ndi pansi, monga pa Pajero, Isuzu Trooper kapena Hilux Surf, mudzakumana ndi ma ball joint (mfundo za mpira zolumikiza mikonoyo ndi tayala), mabushi (mphira zomwe mikonoyo imamangirirapo), ndi idler arm, kamkono kofanana ndi pitman arm, mbali yomwe kulibe bokosi.

1. Iyendetseni, wailesi itazima

Mverani zomwe ikuchita, ndipo mulembe. Ikamadzandira pa msewu wowongoka n'kumatsata tingalande ta m'phula, ganizirani mfundo zodyeka kapena caster yochepa, yomwe tiikamba kutsogoloku. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro limodzi lokha, kawirikawiri pakati pa makilomita 80 ndi 100 pa ola, n'kusiya mukawonjezera kapena kuchepetsa moto, nthawi zambiri ndi matayala osabalansa kapena matope omwe anauma mkati mwa limu. Phokoso loti gu! pa bampu kapena pokhota limanena za bushi, bawuti yokhwefuka kapena ball joint. Ikamakokera mbali imodzi nthawi zonse, yambani ndi mpweya ndi buleki yogwira. Ikamakokera pokhapokha mwaponda buleki, ndi mabuleki kapena bushi ya mkono yomwe ikulola ekiselo kupendekeka.

Palinso china choopsa, chomwe eni ma Jeep amachitcha death wobble. Tayala limodzi likangomenya dzenje pa liwiro, kutsogolo konse kumayamba kugwedezeka mwamphamvu, chiwongolero n'kumakumenyani m'manja, ndipo sikusiya mpaka mutatsala pang'ono kuima. Zikakugwerani musaponde buleki mwankhanza. Gwirani chiwongolero ndi manja onse, chotsani phazi pa moto, patukani pang'onopang'ono. Galimoto yotere isakwerenso msewu waukulu isanakonzedwe.

2. Matayala

Yezani mpweya matayala ali ozizira, onse anayi, mufananitse ndi zomwe zalembedwa pa chitseko kapena m'buku. Onani kuti manati a mawilo ndi omangika. Kenako sisitani chikhatho mopingasa pamwamba pa tayala. Likamasalala mbali imodzi n'kumakanda pobwerera ngati mano a sowo, alayimenti yasokonekera. Likadyeka mabangamabanga ngati wina amakumba ndi sipuni, mashoko atha kapena tayalalo silinabalansidwe. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo muyendenso. Khalidwe la galimoto likasintha, mbali ina ya vutolo ili pa matayala.

3. Yezani mpata wa chiwongolero

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala atalunjika kutsogolo. Ngati ili ndi power steering, lizani injini, chifukwa ikazima bokosi limaoneka ngati lili ndi mpata waukulu kuposa weniweni. Imani panja, dzanja mulowetse pawindo, maso pa tayala. Potozani chiwongolero ndi zala ziwiri mpaka tayala litangoyamba kusuntha, lembani ndi choko m'mphepete mwa chiwongolero moyang'anizana ndi chinthu chosasuntha, kenako bwererani mbali inayo mulembenso. Yezani pakati pa zizindikiro ziwirizo.

Mabuku a Toyota amapereka malire a mamilimita 30 kapena 40 malinga ndi mtundu wa galimoto, pafupifupi m'lifupi mwa zala ziwiri. Oyeza magalimoto pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka a ku Britain, amalekerera mpaka mamilimita 75 pa galimoto ya bokosi, pa chiwongolero cha mamilimita 380 m'mimba mwake. Kwa ine 75 ndi malire a lamulo chabe, woyendetsa amakhala atatopa kalekale. Sungani nambala yanuyo, mudzaifuna mukamaliza kukonza.

4. Gonani pansi, mnzanu agwedeze

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye musapupulume. Galimoto ikhale pa matayala ake, osaikweza. Kulemera kwake ndiko kumagwira matayala kuti akane kusuntha, ndipo mfundo iliyonse yodyeka imakakamizika kudziulula. Mukaikweza, zonse zimangoyenda mofewa n'kukunamizani.

Kokani handibuleki, giya ikhale pa fili, tsekerani matayala akumbuyo ndi matabwa kapena miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Injini ikamalira, manja, malaya ndi tochi zitalikire fani ndi malamba. Muuzeni mnzanuyo momveka: "Musazungulize ayi. Ingogwedezani, kumanja kumanzere, mpaka pomwe matayala akufuna kusuntha, osasiya mpaka nditanena."

Tsatirani mphamvuyo kuchokera kumwamba. Yambani ndi shafuti yotsika kuchokera ku chiwongolero. Ili ndi timfundo tamtanda, ndipo ina ili ndi mphira yozungulira pafupi ndi bokosi. Mbali ya pamwamba ndi ya pansi ziziyenda limodzi ngati chitsulo chimodzi. Ya pamwamba ikamayamba, ya pansi n'kumachedwa, mwapeza mpata woyamba. Timfundoti timathanso kuuma ndi dzimbiri, chiwongolero n'kumalimba malo ena, kufewa malo ena.

Fikani pa bokosi. Yang'anani shafuti yolowa ndi pitman arm nthawi imodzi, muone kuti yolowayo ikuyenda motalika bwanji kamkono kasanayankhe. Kenako yang'anitsitsani bokosi lenilenilo pomwe lamangidwa ku tchesisi. Siliyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Likamapuma, mabawuti akhwefuka kapena tchesisi yang'ambika, zomwe zimachitikachitika pa galimoto zomwe zinavekedwa matayala akuluakulu. Palani ndi burashi, walitsani tochi chammbali. Kamzere kofiira ka dzimbiri kotuluka pa bowo la bawuti ndi mng'alu mpaka mutatsimikiza kuti si mng'alu. Fumbi lofiira ngati la njerwa mozungulira nati, kapena malo onyezimira pomwe washala wakhala akupekesa, zikutanthauza kuti pakusuntha china chake. Onaninso shafuti yotuluka pansi pa bokosi: izizungulira basi, isamapite m'mbali.

Tsopano mitu ya drag link ndi ya tie rod. Maso amaphonya, koma dzanja siliphonya. Fumbatani mutu wonse kuti chala chachikulu chikhale pa mkono womwe mutuwo walowamo, zala zina zikhale pa mutuwo, mosamala kuti zisapanidwe. Mfundo yabwino imayenda ndi mkono wake mwakamodzi. Yodyeka imagunda m'dzanja, khu, khu, nthawi iliyonse mnzanu akasintha mbali, ndipo ina mumaiona ikudumpha m'mwamba isanakankhe. Musasokonezeke ndi ichi: tie rod yabwinobwino imalola kupotozeka pang'ono mukaigwira pakati n'kuipinda ngati mukufinya chovala. Imeneyo ndi ntchito yake. Choletsedwa ndi kulowa ndi kutuluka. Mphira yophimba mutu ikang'ambika, ngakhale lero musamve kugunda, mchenga ndi madzi zalowa kale ndipo masiku ake ndi owerengeka. Yang'ananinso tie rod m'litali mwake, chifukwa chitsa kapena mwala zimaipinda mosavuta.

Pa ekiselo ya masipuling'i okoloweka, thawani pang'ono muyang'ane galimoto yonse kuchokera kutsogolo. Bodi ikamasunthira kumanja ndi kumanzere pamwamba pa ekiselo matayala asanakhote, Panhard rod ndiye yalekerera. Bokosi limakhala likukankha tchesisi m'malo mokankha matayala. Gwirani mapeto ake onse awiri. Mphira kufinyika pang'ono n'kwachibadwa, koma mutu wa bawuti usasunthe m'bowo mwake. Apa ndi pomwe ndinagwa ine. Bushi yatsopano pa bowo lomwe lakula sithandiza, pamafunika kuwotcherera washala wochindikala n'kubwezeretsa bowo pa saizi yake. Pa death wobble, malo oyamba kuwakayikira ndi ano.

Pa Land Cruiser ndi Hilux za ekiselo yathunthu, mkono wokhotetsa tayala umamangidwa ndi mabawuti anayi okhala ndi timawashala tosongoka. Ikani sipanala pa nati iliyonse. Akakhwefuka amaduka, ndipo akaduka chiwongolero chimakhala chopanda ntchito. Pa galimoto za mikono iwiri, gwirani idler arm: izipita m'mbali mokha, ikamagwada m'mwamba ndi pansi mabushi ake atha. Ngati yanu ili ya rack and pinion monga Prado 90, yomwe m'malo mwa bokosi ili ndi chitsulo chopingasa cha mano chotchedwa rack, onani kuti rack yonseyo sikutsetsereka m'mabushi ake, ndipo finyani mphira yamakwinya kuti mumve mfundo ya mkati.

Mukapeza chimodzi musadzuke n'kuyamba kusangalala. Lembani ndi choko, pitirizani mpaka kumapeto. Pa galimoto ya zaka makumi awiri kapena atatu si kawirikawiri kupeza cholakwika chili chokha.

5. Kwezani tayala

Zimitsani injini. Pa Defender ndi zina zomwe handibuleki yake imagwira shafuti osati matayala, tsekani diff lock ya pakati, yomwe imamanga pamodzi shafuti yakutsogolo ndi yakumbuyo, musanakweze, apo ayi galimoto ikhoza kugubuduka tayala limodzi likangochoka pansi. Ikani stand pansi pa ekiselo. Jeki ndi wokwezera basi, munthu salowa pansi podalira jeki.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, kankhani kumwamba mukukoka kunsi, mosinthanasinthana. Mukamva kugogoda, muuzeni mnzanu aponde buleki mwamphamvu, muyesenso. Kugogoda kukatha, ndi mabering'i a wilo, chifukwa buleki yamanga habu kuti isasunthe. Kukapitirira, vuto lili mkati, pa ma kingpin kapena ma ball joint. Kayesedwe kameneka kamapulumutsa anthu ambiri ku kumasula zinthu zosalakwa. Mabering'i a 4x4 zambiri zakale amamangika ndi manati awiri ndi washala wokhoma, ndiye mpata wochepa umatha pongowamanga motsatira buku. Koma zungulizani kaye tayala, khutu pafupi. Likamalira khoo ngati mphero ya patali, kumanga sikuthandiza, asintheni. Gwiraninso tayala kutsogolo ndi kumbuyo n'kuligwedeza, kutsimikizira zomwe munapeza pa mitu ya tie rod.

Ma kingpin amafuna kuwaonetsetsa. Pa Land Cruiser, Patrol ndi Defender, kumapeto kwa ekiselo kuli chibulunga chachitsulo, ndipo chigoba chonyamula tayala chimazungulira pa icho pogwiritsa ntchito bering'i ya pamwamba ndi ya pansi. Zimenezi zimamangidwa mothina pang'ono dala, kuti zizimeza kugwedezeka kochokera mumsewu. Kuthinako kukatha, tayala limayamba kupupa ngakhale simukumva mpata ndi manja. Kuti mudziwe, chotsani tayala, masulani drag link ndi tie rod, mukhotetse chigobacho ndi dzanja. Chiziyenda mosalala koma mokanirira pang'ono. Chikamangogwa chokha lobodo, kuthina kwatha. Chikamakodwa pakatikati, mabering'i akumba timaenje pomwe amakhala nthawi zonse galimoto ikamayenda molunjika. Kuthinaku amayeza ndi kasikelo ka mbedza, ndipo amakuwonjezera pochotsa timapepala tachitsulo topyapyala pansi pa chivindikiro, nambala yake potsata buku la galimotoyo. Mukaona phala lakuda likuchucha pa chibulungacho, silo ya mkati yatha ndipo oyilo wa difu akusungunula girisi. Konzani zonse ulendo umodzi.

Pa galimoto za mikono iwiri, ball joint yonyamula katundu simaonetsa mpata ikadali yopanikizika. Onani mkono womwe sipuling'i kapena torsion bar (ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i) yagwira. Ngati ndi wa pansi, jeki alowe pansi pa mkonowo, pafupi ndi tayala. Ngati ndi wa pamwamba, kwezerani pa tchesisi. Kenako lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala, mnzanu azinyamula ndi kutsitsa inu mukuyang'ana mfundoyo. Ball joint ya pansi ikazuka, tayala limapindikira pansi pa galimoto pomwepo, ndiye yokayikitsa musaisunge.

6. Mabushi, masipuling'i, mashoko

Panani chitsulo pafupi ndi bushi iliyonse n'kukankha. Mphira yong'aluka, yofufuma ndi oyilo, kapena yosiyana ndi kachitsulo ka pakati, yatha. Pa masipuling'i amasamba onani mabushi a mashakolo (tizitsulo tolendewera tolumikiza sipuling'i ku tchesisi), tsamba loduka, ndi ma U-bolt omanga ekiselo. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo yakutsogolo kukafika pakati pa yakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kwambiri, bawuti ya pakati pa sipuling'i yaduka ndipo ekiselo yasuntha, n'chifukwa chake galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu. Mashoko onyowa ndi oyilo atha. Damper muimasule mbali imodzi n'kuikoka ndi kuikankha: izikanirira mofanana njira yonse. Ikafooka isintheni, koma dziwani kuti ntchito yake ndi kufewetsa kumenya kwa miyala. Pa mfundo zodyeka imangophimba matenda.

7. Ngati zonse zili zolimba koma ikudzandirabe

Funsani ngati galimotoyo inakwezedwapo. Mzere womwe tayala limakhoterapo unapendekekera kumbuyo pang'ono, monga foloko ya njinga, ndipo kupendekeka kumeneku, caster, ndiko kumabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Masipuling'i aatali pa ekiselo ya mikono, ngakhale ongokweza mamilimita 50, amapotoza ekiselo n'kudya caster. Mashakolo aatali kutsogolo kwa masipuling'i amasamba amachitanso chimodzimodzi. Chizindikiro chake n'chakuti mukatuluka pakona chiwongolero sichibwerera chokha. Mankhwala ake ndi mabushi kapena mapuleti obwezera caster, kapena timphero tachitsulo pansi pa masipuling'i amasamba.

Kuloza kwa matayala mutha kukuyeza nokha mongoyerekeza. Lembani choko pakati pa tayala lililonse kutsogolo, pa msinkhu wa habu, yezani pakati pake. Kankhani galimoto mpaka zizindikirozo zitafika kumbuyo pa msinkhu womwewo, yezaninso. Kusiyana kuzikhala kwa mamilimita ochepa chabe. Zambiri zimafuna matayala oloza mkati pang'ono, koma Defender imafuna oloza kunja, kuyambira 0 mpaka mamilimita 2, ndiye musatengere za galimoto ina.

8. Tsopano bokosi

Mukasintha zonse zodyeka, yezaninso mpata uja ndi choko. Kawirikawiri mupeza kuti wabwerera m'malire ndipo bokosi silifuna kukhudzidwa. Ngati udakalipo, ndipo munaona ndi maso kuti uli m'bokosimo, kwezani kutsogolo konse pa ma stand. Zungulizani chiwongolero kuchokera kumapeto kufika kumapeto mukuwerenga, mubwerere theka kuti mupeze pakati penipeni. Lembani pomwe kabawuti ka pamwamba pa bokosi kali. Masulani nati yokhoma, mangani kabawutiko gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira kumodzi, kagwireni kasasunthe pomwe mukumanganso nati. Zungulizani mbali zonse mumve. Bwerezani pang'onopang'ono ngati kukufunika.

Chifukwa chochitira mwaulemu chotere n'chakuti mano a m'bokosi anapangidwa othina pakati, omasuka m'mbali, ndipo amadyeka kwambiri pakati pomwepo. Mukathamangitsa mpata wonse pa bokosi lotha, limayamba kukodwa mukangokhota pang'ono, chiwongolero n'kukana kubwerera muli pakona. Bola kampata kochepa kusiyana ndi chimenecho. Mukamva kukodwa, bwezani kabawuti pomwe kanali. Bokosi lomwe shafuti yake ikupita m'mbali, kapena lomwe kabawuti kake kamira kale mpaka pa nati, likufuna kumasulidwa lonse kapena kusinthidwa.

Pomanga zatsopano

Musanachotse mutu wa tie rod, werengani mizere ya mazinga yomwe ikuoneka kuti watsopano ulowe mofanana, ndipo kumbukirani kuti mbali imodzi nthawi zambiri imamangira kumanzere. Pochotsa, menyani hamala m'mbali mwa diso lomwe mutuwo walowamo, osati pa mazinga. Nati ya mipata ikapanda kukumana ndi bowo la pini, onjezerani kumanga mpaka zikumane, musabweze, ndipo pini ikhale yatsopano. Ngati galimoto ili ndi airbag, mangirirani chiwongolero chisazungulire pomwe shafuti yamasulidwa, kuopa kudula waya wa mkati. Mabawuti a mabushi amphira muwamalize kumanga galimoto itatera pa matayala ake. Mukawamanga ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo sichedwa kung'ambika.

Alayimenti ibwere zonsezi zitatha. Kenako jambulani kamzere ka penti kuchokera pa nati iliyonse yomwe mwagwira kufika pa chitsulo choyandikana nacho, mupite pa bampu lomwe lija limayambitsa kugwedezeka, moyamba pang'onopang'ono, kenako pa liwiro lomwe munalemba. Pobwera gwirani mahabu ndi kuseri kwa dzanja, lina likatentha kuposa linzake bering'i yathina kapena buleki ikugwira. Patatha masiku angapo gonaninso pansi ndi tochi muone timizere tija. Ma U-bolt atsopano amakhwefuka masamba akakhazikika, ndiye amenewo muwabwereze ndi sipanala ngakhale kamzere kakuoneka kuti sikanasunthe.